Nsomba za Pearl m'Firiji ya Kombi

Ku Kabwata mukafunsa nyumba ya a Wilbroad Zimba, palibe angakuuzeni nambala. Adzangoti pitani pamene pali chikombi chobiriwira. Galimotoyo ndi yakale kuposa ana onse a m'nyumbamo. Denga lake limatukuka m'mwamba, ndipo m'kati muli kabedi, katebulo kopinda ndi kafiriji koyendera palafini. Mawilo ake anakhazikidwa pa njerwa, osati chifukwa choti inafa, ayi, imalira bwinobwino ikafuna. Njerwazo anaziika a Zimba kuti galimoto ikhale mowongoka, poti firiji ya palafini ikangopendekeka pang'ono imasiya kuziziritsa.

A Zimba ndi munthu waukali, ndipo msewu wonse umadziwa. Amakalipira ana oponya mpira pampanda, amakalipira wailesi, amakalipira kwaya ya kutchalitchi ikakokera nyimbo. Koma aneba anatulukira msanga chinthu china, n'kuchisunga ngati chuma: ukali wa a Zimba umathera pakamwa. Amakulalatira uku dzanja likulandira chimene wabwera nacho. Mawu oti ayi amawanena mokweza mpaka agalu kuuwa, koma moyo wawo wonse anali asanakanizepo munthu kanthu.

Khalidweli linayambira kutali. Anabadwira m'Kabwata momwemo, bambo awo atachoka ku Katete kudzagwira ntchito kunjanji. Ali mnyamata anapeza ntchito yoyendetsa galimoto ku Kabulonga, kwa mzungu wina woyeza malo amene ankakonda kugona m'tchire kuposa m'nyumba mwake. Kombiyo inali ya mzunguyo. Ankapita nayo ku Luangwa, ku Kafue, kulikonse kumene kunali udzudzu wokwanira. Akafika pogona, bwana ndi dona ankakhala pamipando kuyang'ana mbalame, a Zimba n'kuyamba ntchito yachiwiri. Ankaika miyala kunsi kwa mawilo, n'kukhazika kasosala ka madzi pamwamba pa firiji kuti aone ngati madziwo akhala mofanana mbali zonse. Kenako ankagwada kudula chingwe cha moto mpaka lawi litasiya kufiira, chifukwa lawi lofiira ndi mwaye chabe. Mbali ya galimoto yowomba dzuwa ankaifunditsa masaka onyowa. Lamulo lalikulu linali la chitseko: firiji imatsekulidwa m'mawa ndi madzulo basi, ndipo chotentha sichilowamo.

M'firijimo munkakhala batala, soseji, mkaka wa dona ndi mowa wa bwana. A Zimba ankamwa madzi ofunda a m'chigubu, n'kudyera kapenta kuseri kwa galimoto. Tsiku lina kutatentha koopsa ku Luangwa anaikamo kabotolo kawo ka madzi. Dona anakatulutsa atakagwira ndi zala ziwiri, n'kukaika pansi. Mpaka lero a Zimba sanaziiwale zala ziwirizo.

Anagwira ntchitoyo mpaka imvi zitayamba. Mzunguyo pobwerera kwawo sanatchule za penshoni. Anawagwira paphewa, n'kuwapatsa makiyi a kombi, amvekere ndikudziwa kuti umaikonda. Pamenepo ndi pamene munthu amayenera kukana, koma a Zimba anangotukwana chamumtima n'kulandira makiyi. Akazi awo, a Nelly, ataona galimoto ikulowa pageti analira, akuti atibera. Ndipo sananame.

Aneba anaseka mpaka kugwira nthiti. Amake Cathy a nyumba yoyandikana anaitcha khola la nkhuku. A Chibwe a tsidya la msewu, kalaliki wopuma ntchito, ankati akaona ogula zitsulo zakutha n'kuwalozera geti la a Zimba. Munthu mmodzi yekha amene anaikonda galimotoyo anali Pearl, mwana wotsiriza wa a Zimba. Ali wamng'ono bambo ake anamutengapo kukagona m'mbali mwa Kafue, iye ndi amake. A Zimba anayatsa firiji, n'kuikamo botolo la chakumwa chotsekemera. Madzulo anamupatsa, mwanayo osamwa, anangoliika patsaya n'kumaseka kuzizira kwake. Tsiku limenelo a Zimba analumbira kuti kuyambira pamenepo firijiyo idzasunga za m'nyumba mwawo zokha.

Lumbiro linakhala zaka zambiri chifukwa panalibe woliyesa. Ndiye kunabwera chaka cha chilala chija, madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba, magetsi n'kumabwera ngati mlendo wothamangira basi. Mafiriji akuluakulu a m'nyumba za anthu anasanduka makabati. Mumsewu wonsewo, malo ozizira anali amodzi: m'khola la nkhuku muja.

Woyamba kufika anali amake Cathy, kapulasitiki kali m'manja, nkhope yofatsa ngati akupita kukalapa.

“Ba Zimba, mwauka bwanji? Nisungilenikoni tu soseji utu, malaiti tasauka nayo.”

“Mu khola ya nkhuku? Soseji yanu izanunkha matuvi. Yendani, kulibe malo.”

“Ni ka pulasitiki kamozi chabe, ba neba.”

“Nakamba nati kulibe malo. Imwe bantu mulibe nsoni. Leta kuno.”

Mawa lake anabwera a Chibwe ndi nyama yogaya, pansi pake atabisamo mabotolo a mowa. Mkuja anabwera ena, ndi ena amene a Zimba sankawadziwa n'komwe mayina. Aliyense ankalandira mwano wake, aliyense n'kusiya pulasitiki yake. Palibe anaganizako zobweretsa ngakhale kabotolo ka palafini. Ankati a Zimba ndi a mtima wabwino, kungoti pakamwa. Kuyamika kotereku n'kumene kumamaliza munthu, paja chifundo chidapha nkhwali.

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, inakwana nthawi ya chilanga mulilo cha Pearl. Mnyamata wake, Kalaba, ndi wa ku Luapula, ndipo mwambowo ndi wa kwawo: akuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu, n'kuzisenza ndi ng'oma kupita nazo kwa mwamuna, kumuonetsa zimene azidya m'banjamo. Azakhali a Kalaba anali atayamba kale kumuseka Pearl monga amachitira Abemba ndi anthu a kum'mawa, kuti kaya mwana wathu azidyera mbewa chaka chonse. Ndi nthabwala yachibale, yoti munthu amabweza ndi yakuti Abemba amadya anyani n'kuseka, koma Pearl inamulowa. Anakhala miyezi akuphunzira kuphika nsomba zaziwisi monga amaphikira kwa apongozi akewo, ndipo anauza amake Kalaba kuti adzalawe okha patsikulo.

Mayi wobweretsa nsomba zabwino kuchokera ku Kafue ankabwera Lachinayi lokha, mwambo uli Loweruka. Pearl anapita yekha kwa bambo ake, amene panthawiyo anali atasamukira m'kombi, poti nyumba inali italandidwa ndi azimayi ochokera ku Katete ndi ku Chelstone, mphasa mpaka m'khonde. Anawapeza akuwiritsa tiyi pambaula pakhomo la galimoto, ngati kale ku Luangwa.

“Dadi, ni chintu chimozi chabe namipempha. Nsomba zanga zinkale mu filiji kufika pa Satade. Zeka.”

“Unganiuze ine va filiji? Nenze kusunga batala mu Luangwa iwe ukalibe kubadwa.”

“Niziba, Dadi. Koma ba neba.”

“Ba neba bazaniziba mailo.”

Ndipo Lachinayi m'mawa anawadziwadi. A Zimba anayenda msewu wonse akugogoda mageti, kuti aliyense adzatenge zonunkha zake dzuwa lisanakwere, apo ayi azipatsa agalu. Anthu anabwera, anatenga. Firiji a Zimba anaitsuka ndi madzi a soda, anadula chingwe, anaona kasosala. Nsomba zitafika, zikuluzikulu, maso owala, makha ofiira, anaziyala okha pansi pa kabokosi ka ayezi pamene pamazizira kwambiri. Anatseka chitseko, n'kutulutsa loko m'thumba.

Lokoyo anaiyang'ana nthawi yaitali. Pabwalo panali mapoto akuluakulu a amake Cathy, amene anabwereketsa osapemphedwa. Mipando ndi tenti zinali za a Chibwe. Amake Cathy eniakewo anali chogwada pamenepo akusenda nyemba ndi azimayi anzawo, akuyang'ana chakumbali. Kukiya firiji pamaso pa anthu otere, ku Kabwata, n'chimodzimodzi kuwatcha akuba pamaliro. A Zimba anaikoleka lokoyo pamsomali, yosatseka.

Dzuwa lisanalowe, mapulasitiki anayamba kubwerera. Amake Cathy anati soseji yawo yayamba thukuta, ndipo iwo sangapite kukaiphika poti ali pano kuthandiza mwana wanu yemweyu. A Chibwe anati nyama yawo ingokhala kukona, siikhudza nsomba. Ungamukanize bwanji munthu amene mphika wake uli pamoto pako? A Zimba analalata mpaka mawu kusasa, anawatchula mayina oti sitingawalembe pano, ndipo pulasitiki iliyonse inalowa. A Nelly ataona anangoti, “Awisi Pearl, mwayambanso,” iwo n'kuwayankha kuti firiji amaidziwa ndi iwo.

Lachisanu a Zimba anatumidwa kumasitolo a ku Kamwala kukagula zitenje zomangira mapoto ndi mabeseni ena. Anachoka atalamula kuti chitseko chisakhudzidwe. Koma lamulo la munthu amene sanalangepo aliyense limafika pageti pokha. Ku Kamwala kunali anthu ngati nyerere, minibasi inawazunguza, ndipo anabwerera dzuwa litapendeka. Tsiku lonselo chitseko cha firiji chinagwira ntchito kuposa cha m'nyumba. Uyu kudzatapako ndiwo za masana, uyu kudzabweza zotsala, azimayi ophika kuikamo mabotolo a madzi akumwa n'kumawatulutsa asanazizire n'komwe. Aliyense ankati ine ndangotsekula kamodzi.

A Zimba atafika anapeza chitseko chili chotsamira chabe, pulasitiki ina itatsekereza. Pansi pa kabokosi ka ayezi, pamalo a nsomba, panali kapoto ka nyemba ka amake Cathy, kakadali kofunda kunsi. Nsomba zinali zitakankhidwira kutsogolo, pafupi ndi chitseko. Ayezi yense anali atasungunuka, madzi akudontha pansi pa galimoto.

Anagwira nsomba imodzi. Sinali yozizira, sinalinso yofunda. Anainunkhiza, n'kudziuza kuti ili bwino. Munthu amene anasunga batala ku Luangwa ankadziwa bwino lomwe kuti siili bwino, ndipo akanati anene pomwepo, azimayi akanaziwamba kapena kuzikazinga madzulo omwewo, zikanapulumuka. Koma kunena kunali kuvomera pamaso pa a Nelly ndi pamaso pa mwana. Anabwezera nsomba pamalo pake, anakweza moto pang'ono, n'kukhala chete. Ngakhale kapoto ka nyemba sanakatulutse. Anangokasunthira kumbali kuti mwiniwake asadandaule.

Amati tsoka silinunkha. La a Zimba linanunkha Loweruka m'mamawa, a Nelly atangotsekula chitseko. Maso a nsomba anali atalowa m'kati, makha atachita phulusa, mimba zitafewa moti chala chinkasiya dzenje. Azimayi amene anabwera ndi mabeseni anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. A Nelly sanalalate. Anawayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupita kukaona nkhuku pamoto.

Ndiye eni mapulasitiki anafika kudzapulumutsa zawo. Amake Cathy ananunkhiza kapoto kawo, nkhope n'kukwinyika.

“Binzi yanga yasasa. Ba Zimba, iyi filiji yanu yakalamba, sembe munatiuza kuti siisebenza.”

“Na nyama yanga yankala na fungo ya nsomba,” anatero a Chibwe. “Nsomba sibaika pamozi na vintu va bantu.”

Zimene anachita a Zimba pamenepo anthu amazikambabe. Anawatsomphola amake Cathy kapoto kaja n'kukaponya kuseri kwa mpanda, nyemba zili mbwee pakhoma. Anatulutsa mapulasitiki onse, imodziimodzi, kuwaponya mumsewu, soseji, nyama, mabotolo a a Chibwe akuphulika patala. Anawauza kuti ndi nkhupakupa, kuti anaseka galimoto yawo zaka zonsezi ndipo lero awadyera mwana. Zonsezo zinali zoona. Koma ukali umenewu unkafunika Lachinayi, nsomba zikadali ndi maso.

Anathamangira kumsika. Kumeneko nawonso magetsi anali atawachita zomwezo, ndipo anabwerako ndi tinsomba tofewa tosungunuka kale. A Nelly anangotsekula pulasitiki n'kuitsekanso.

“Utu nipeleke ku bantu ba ku Luapula? Mufuna batiseke kawili?”

Chakumasana ng'oma zinalira. Azimayi anasenza mapoto okulungidwa m'zitenje za ku Kamwala zija, nkhuku, chikanda, ndiwo zotendera, nsomba zouma, n'kutuluka pageti akuimba. Amake Cathy anali kutsogolo, akuvina kuposa onse, za nyemba ataiwala. Beseni lalikulu limene Pearl anasankhira nsomba zake linatsala pakhonde chovundikira.

Mwambo wake mkwatibwi sapita nawo. Pabwalo panatsala phulusa, mipando ya a Chibwe, Pearl ndi bambo ake. A Zimba anali atakumba dzenje kuseri n'kukwirira nsombazo, tsopano anali atakhala pakhomo la kombi, manja ali ndi dothi. Patapita nthawi Pearl anatuluka m'nyumba, foni ili m'manja, n'kudzaima patsogolo pawo. Sankalira. Zikanakhala bwino akanalira.

“Ba mayo bake Kalaba bafunsa nsomba,” anatero. “Ba anti bake bakamba ati kapena mbeba zinadya.”

“Ni nthabwala chabe izo, mwana wanga. Ni bantu aba, ba neba, ndiye bamene...”

“Ba neba sibananilonjeze kanthu, Dadi. Ni imwe.”

A Zimba anayamba kupukuta dothi m'manja. Pearl anasuzumira m'firiji yopanda kanthu, yomwe tsopano inali itayamba kuzizira bwinobwino, ayezi akugwira m'kabokosi.

“Munasungila muzungu, mwasungila Kabwata yonse. Ine nenze napempha masiku yabili chabe.”

Anabwerera m'nyumba, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

A Zimba anakhala pamenepo mpaka mthunzi wa mpanda unawafika kumapazi. Ankamva kamoto ka firiji kakulira pansipansi, kamoto kamene sanalole kuti kazime chiyambire chilala. Mkwiyo unali utawadzaza pachifuwa, ndipo kwa nthawi yoyamba unalibe kopita. Mzungu anapita kalekale, aneba ndi aneba, ndipo loko inali pamsomali pomwe anaikoleka okha.

Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, azimayi anayamba kubwerera, otopa, akuseka. Amake Cathy anapatuka pagulupo n'kulunjika kukombi, atanyamula kambale kokulungidwa m'pulasitiki, zotsala za kuphwando.

“Ba Zimba, va kuseni vija tiyeni tiibale, tonse tenze na mutima. Nisungilenikoni aka kankhuku, nizatenga mailo.”

A Zimba sanalalate, ndipo amake Cathy anachita mantha ndi chete ameneyo kuposa mwano wonse wa chaka chathunthu. Bamboyo anatsika, anagwada monga ankagwadira ku Luangwa, anatsekula kachitseko ka pansi pa firiji, n'kuuzira moto kamodzi. Kautsi kakuda kanakwera.

“Yazima,” anatero.

Amake Cathy anaima pang'ono, kenako anatembenuka ndi kambale kawo. A Zimba anayang'ana kuzenera la chipinda cha Pearl kuti mwina waona, koma katani inali yotseka.